Tsiku Limodzi Loyendera Mbiri: Malangizo kwa Mabanja a ku Guilleme

Mlendo amene wafika mumzinda wa Roma ku Italy ali ndi tsiku limodzi lokha amalawira m'mamawa. Amakaima pamzere pa Colosseum, chibwalo chamiyala chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 80, momwe munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Masana amawoloka mtsinje wa Tiber kukalowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera ku Vatican, chimene anayamba kumanga mu 1506 n'kudzachidalitsa mu 1626. Pofika madzulo mapazi atupa, thumba lapepuka, ndipo m'manja mulibe katundu wooneka. Nanga wagula chiyani? Miyala ndi njerwa zili paliponse, ngakhale kwawo wazisiya. Chimene walipirira ndi mwayi woponda penipeni pamene nkhani inachitikira, wina akumufotokozera nkhaniyo, maso ake akuona umboni wake.

Mwayi umenewu sufuna ndege. Uli pafupi ndi khomo la banja lililonse la ku Guilleme ndi midzi yozungulira, ndipo n'chifukwa chake kabuku kano kakupempha mabanja kuti azipatula tsiku limodzi pachaka loyendera malo a mbiri. Koma tsikulo limapindula pokhapokha likakonzedwa bwino: malo akhale ochepa, mkulu ndi mwana ayendere limodzi, ndipo banja linyamuke lili ndi funso limene likufuna kukapezera yankho. Popanda zimenezi, ulendowo ungokhala wotha ndalama ndi nsapato.

Kuyambira pakhomo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo oyamba kuwayendera ndi Guilleme yemweyu, amene pakamwa pathu amamveka ngati Gilime. Ana amalemba dzinali pachikuto cha kope tsiku ndi tsiku, koma ndi angati akudziwa kuti ndi dzina la munthu? Mathurin Guillemé anabadwira ku France mu 1859. Anali wansembe wa chipani cha White Fathers, ndipo asanafike kuno anagwira ntchito kumadera a nyanja ya Tanganyika. Mu 1911 anakhala episkopi wa chigawo cha Nyasa, kulowa m'malo mwa Joseph Dupont amene anthu ankamutcha Motomoto. Anatula udindo mu 1934, namwalira mu 1942. Mishoni yathuyi inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo inatenga dzina lake. Mwana akangomva izi zokha, dzina la kwawo limasiya kukhala phokoso chabe, limasanduka khomo lolowera ku mafunso ena: malowa ankatchedwa chiyani mishoni isanabwere? Ndi mfumu iti inapereka malo? Inapereka mokondwa kapena mokakamizika?

Ulendo woyambawu sulira ndalama iliyonse, koma usapeputsidwe chifukwa cha kufupika kwake. Anthu amalowa m'tchalitchi Lamulungu lililonse osayang'ana khoma, chifukwa abwera kudzapemphera. Tsiku loona malo ndi losiyana. Pitani pakati pa sabata, mutapempha kaye chilolezo ku ofesi ya parishi, ndipo muzungulire nyumba zakale pang'onopang'ono. Onani kukula kwa njerwa poyerekeza ndi zimene mumaumba lero, kasanjidwe kake pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ndi pamene khoma lakale lakumana ndi lowonjezera. Kenako funsani funso limene mabuku a mbiri amakonda kulidumpha: anaumba njerwazi ndani? Dothi ankakumba kuti, nkhuni zootchera uvuni zinkachokera phiri liti, matabwa anasenza ndani? Wansembe wachizungu sakanamanga yekha nyumba zotere. Manja anali a agogo a m'midzi yomwe ino, ndipo pali mabanja amene akukumbukirabe mayina awo. Maparishi amasunganso mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Banja likhoza kupempha mwaulemu kuti lionetsedwe pamene panalembedwa agogo awo, ndipo kulola kapena kukana n'kwa bambo mfumu. Mwana amene waona dzina la agogo a amayi ake litalembedwa ndi inki yakale saiwala tsiku limenelo.

Kachebere, linga la Manning ndi tsidya la malire

Chaka chachiwiri banja lipite patsogolo pang'ono, ku Kachebere, m'mphepete mwenimweni mwa malire ndi Zambia. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1903, chaka chimodzi chokha pambuyo pa mishoni ya Mua. Seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939, ndipo kufunika kwake kumaoneka tikakumbukira kuti isanakhalepo, mnyamata wofuna unsembe ankapita kutali ku Kipalapala, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko n'kumene anaphunzira Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wachikuda wa dziko lino, amene anadzozedwa mu 1937 n'kudzakhala episkopi wa Dedza. Pa Kachebere panadutsa Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 ndipo analimbikitsa kwambiri miphakati. Choncho mayi amene amasonkhana ndi anzake pamphakati Lachinayi kapena Loweruka, akaima pabwalo la Kachebere, waima pamalo amene anasula munthu amene anathandiza kukhazikitsa dongosolo la mapemphero ake.

Nkhani ya ku Boma ndi yowawa. Mchinji ankatchedwa Fort Manning, dzina lochokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali a Britain. Angoni a Mpezeni, zidzukulu za gulu limene linawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anali atakhazikika kudera la Chipata. Kampani ya North Charterland inkakhulupirira kuti m'dziko lawo muli golide, ndipo mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoniwo. Mikondo ndi zishango sizinalimbe pamaso pa mfuti zazikulu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondoyo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mpezeni mwiniwake anasungidwa ku Fort Manning, ndipo atabwezedwa kwawo anamwalira mu 1900. Golide wochuluka amene ankayembekezeredwa uja sanapezeke. Mafumu a Chingoni a m'boma lino, monga Zulu ndi Mlonyeni, ndi a mtundu womwewo, kotero nkhaniyi ndi ya magazi a anthu amene timagulitsana nawo mtedza pamsika. Musakhutire ndi kuona maofesi a lero. Funsani akuluakulu a kumeneko akulozereni pamene panali Boma lakale, ndipo mumve mmene iwo amaifotokozera nkhondoyo. Nthawi ikatsala, imani pa siteshoni ya sitima: njanji inafika ku Mchinji mu 1980, koma kachigawo kosakwana makilomita 30 kokafika ku Chipata kanadikira mpaka 2010. Mwana wa sekondale angafunse yekha chimene chinachedwetsa ntchitoyo zaka 30.

Tsidya la malire kuli zambiri zokhudza ife tomwe. Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ndipo linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Pafupi ndi tawuniyo pali Magwero, pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, omwe anayambitsanso Mvera ndi Nkhoma, anakhazikika mu 1899. Banja la CCAP likapezako chiyambi cha abale awo a ku Zambia. Ku Mtenguleni kumachitika mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, ndipo ku Mkaika m'boma la Katete Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti. Pa ulendo wotere dzerani pachipata cha Mwami ndi zikalata zoyenera. Amene alibe pasipoti afunsiretu ku ofesi ya olowa ndi kutuluka m'dziko za boda pasi, atanyamula chiphaso cha unzika, ndipo afunsenso zimene zimafunika pa mwana aliyense. Njira zachidule za m'tchire zimadziwika ndi aliyense wa kuno, koma banja loyenda ndi ana lisadzerepo. Likagwidwa, tsiku lonse lithera pa polisi, ndipo phunziro limene mwana atengepo ndi lozemba malamulo.

Zimene ena anganene

Wina anena kuti: ndalama ya feteleza ikuvuta, fizi ikuvuta, ndiye mukuti tikamwaze yotsalayo pokaona njerwa? Funsoli ndi lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachibwana. Banja limene lilibe chimanga chofika Febuluwale lisabwereke katapila chifukwa cha ulendo, ndipo lisagulitse mbuzi yomaliza. Koma taonani kuti ulendo woyamba uja ndi wapansi, ndipo wachiwiri ndi wa njinga kapena kabaza ndi minibasi. Mabanja khumi a mphakati umodzi, a banki m'khonde imodzi kapena a kalabu imodzi ya alimi akasonkherana, akhoza kuchita hayala galimoto imodzi pamtengo umene banja limodzi silikanautha. Taganiziraninso ndalama zimene zimatha osaziwerenga m'masabata oyamba mutagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Kupatula mtengo wa ndowa imodzi kapena ziwiri za mtedza tsiku lomwelo la malonda, n'kuusungitsa kwa mayi wa pakhomo kapena msungichuma wa gulu, n'kokwanira pa maulendo ambiri a m'boma lino. Ndipo ndalamayi ndi ya maphunziro monga momwe ilili ya makope. Mwana amaloweza za Angoni ndi za amishoni m'kalasi kuti akhoze mayeso, n'kuiwala chaka chisanathe. Amene anaima pa Kachebere agogo ake akumulozera ndi ndodo amakhala ndi pokolekera zimene aphunzitsi anena.

Wina anena kuti: mishoni, linga, njanji, zonsezi ndi mbiri ya azungu, ndiye tikazitamandirenji? Kuona sikutamanda. Wopita ku Colosseum amauzidwa kuti m'bwalomo ankaphera anthu ndi nyama kuti khamu lisangalale, ndipo sabwerako akuyamikira nkhanzazo. Nafenso tikaima pamalo a Fort Manning tiyenera kuuza ana mosabisa kuti apa panasungidwa mfumu yogonjetsedwa. Tikaima pa mishoni tinene zonse ziwiri: kuti kunabwera sukulu ndi chipatala, komanso kuti panali mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi Nyau, makamaka m'zaka za m'ma 1920, ndipo mabanja anagawanika, ena ku kalasi ya ubatizo, ena ku dambwe. Nkhani imeneyi sinathere pomwepo. Ku Mua, mishoni ya chipani chomwecho cha White Fathers, bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo lero m'nyumba ya Chamare mukusungidwa zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mwana woleredwa m'mudzi momwe belu la tchalitchi ndi ng'oma ya gule zimamveka sabata imodzi ali ndi ufulu wodziwa mmene ziwirizi zinalimbanirana ndi mmene zinafikira pokhalira limodzi. Tikakana kupita kumaloko chifukwa choti ndi za azungu, ndiye kuti tasiyira ena kuti azifotokoza okha, ndipo oumba njerwa aja sadzatchulidwanso.

Palinso amene anganene kuti kwathu kuno kulibe choona, nyumba zake ndi zazing'ono ndipo zina zikugwa, si Roma ayi. N'zoona kuti si Roma. Koma Colosseum yomweyo inakhala zaka mazana ambiri ngati mgodi wa miyala: anthu a mumzindamo ankagumula makoma ake n'kukamangira nyumba zawo ndi matchalitchi, mpaka apapa a m'zaka za m'ma 1700 analetsa. Chimene chatsala lero chilipo chifukwa panapezeka anthu ochiona ngati chamtengo wapatali. Malo osayenderedwa amatha mwakachetechete: njerwa zimakathera pa khola la nkhumba, mtengo wakale wa pabwalo umasanduka makala. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Komabe m'mapanga ena anthu alemba mayina awo pamwamba pa zojambulazo. Dzanja lolemba chonchi kawirikawiri ndi la munthu amene sanauzidwepo chimene akuchiwononga.

Kakonzedwe ka tsikulo

Cholakwa chachikulu cha alendo a ku Ulaya ndi chimene ifenso tingagweremo: kufuna kuona zonse tsiku limodzi. Munthu amathamanga kuchoka pa tchalitchi ichi kupita pa chipilala icho, akujambula ndi foni, ndipo madzulo sangathe kusiyanitsa chimene anaona m'mawa ndi cha masana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo awiri pa tsiku ndi okwanira, ndipo ngati pali ana aang'ono kapena agogo ovutika miyendo, amodzi okha. Lamuloli likhwime kwambiri pa maulendo akutali. Kuchoka ku Mchinji kukafika ku Lilongwe pamsewu wa M12 pali makilomita pafupifupi 110, ndipo banja lolawira lingathe kuona manda a Kamuzu Banda, amene anatsegulidwa mu 2006, ndi chipilala chokumbukira asilikali a nkhondo chomwe chili chapafupi, n'kubwerako kusanade. Likuni, mishoni ina yakale ya nthawi ya Kachebere, ikhale ya tsiku lina. Chongoni imafuna galimoto ya hayala yonyamuka tambala woyamba. Mua ndi kutali kwambiri: amene akufuna kukafikako akonzekere kugona, apo ayi tsiku lonse lithera pamsewu ndipo zigoba zija aziona mothamanga ngati akuthawa mvula.

Nyengo yabwino ndi pakati pa Juni ndi Seputembala, zokolola zili m'nkhokwe, misewu yafumbi ili youma, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Tchuthi chachikulu cha ana asukulu chimagwa m'nyengo yomweyi. Pewani tsiku la msika waukulu, pamene minibasi zimadzaza ndi katundu. Konzeranitu wotsala pakhomo woyang'anira ziweto ndi kuthirira kudimba, ndipo chaka chamawa iyeyo ndiye apite. Chofunika kwambiri n'kufunsiratu. Ngakhale malo otchuka a ku Ulaya ali ndi masiku otseka: nyumba yosungiramo zakale ya Louvre ku Paris satsegula Lachiwiri, ndipo nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican zimatsekedwa Lamulungu kupatula lomaliza la mwezi. Kwathu kuno seminale ndi sukulu, parishi ndi malo a ntchito, ndipo eni ake ali ndi ndondomeko zawo. Imbani foni kapena tumizani munthu sabata imodzi isanakwane, munene kuti mudzakhala angati ndipo mudzafika nthawi yanji. Funsaninso ngati pamalopo pali cholipira polowa. Safunsa anadya phula.

Opita asankhidwe mwanzeru. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo awiri oyenera pano ndi wokumbukira ndi wolemba. Agogo ali ndi nkhani koma maso ndi dzanja zafooka, mdzukulu ali ndi cholembera koma alibe cholemba. Atsikana asatsale pakhomo kuti aziphika anyamata akupita. Pakati pa Achewa mbumba imayendera kuchikazi, ndipo nkhani za mtundu zimakhalitsa m'kamwa mwa amayi, kotero mtsikana wotsalira ndi nkhokwe ya mawa imene yasiyidwa yopanda kanthu. Usiku woti mawa ndi ulendo, khalani pansi mugwirizane mafunso atatu, osapitirira apo, ndipo mwana awalembe pa tsamba loyamba la kope. Kamba achokere kunyumba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, chigumu, nthochi, thobwa, ndi madzi akumwa okwanira m'zigubu zoyera. Zakudya zogula m'njira ndizo zimadya ndalama ya ulendo mosaonekera. Nyamulani mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, chitenje chapadera, chovala cha mphepo ngati ndi Juni kapena Julayi, ndi ndalama yobwererera yomangidwa payokha imene siikhudzidwa zivute zitani. Foni ikhale yodzaza moto. Ngati mukuwoloka malire, sinthani ndalama pamalo ovomerezeka, chifukwa kwacha ya Zambia ndi ya Malawi n'zosiyana mphamvu ndipo wosazolowera amapusitsidwa mosavuta.

Mukafika, ulemu utsogole. Kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu, ku mishoni yambani ku ofesi. Kumanda sikulowedwa popanda eni ake, ndipo dambwe si malo oonera: wosameta asayandikire, ngakhale atachita chidwi chotani. Musajambule munthu musanamupemphe, ndiponso musajambule pachipata cha malire kapena pamalo a asilikali. Musatole kanthu, kaya ndi phale, njerwa kapena kachitsulo kakale. Zojambula za pamiyala musazikhudze ndi dzanja kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, chifukwa thukuta ndi madzi zimafufuta utoto umene wapirira zaka mazanamazana. Mkulu amene wataya nthawi yake kukufotokozerani mumuthokoze ndi kanthu, kaya ndi sopo, shuga kapena ndalama pang'ono. Mukamva nkhani ziwiri zosemphana, wina akuti malo anapereka ndi mfumu iyi, wina akuti ndi inayo, musatsutse aliyense pamaso. Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la amene wanena.

Nyamukani kubwerera dzuwa likadali m'mwamba, makamaka ngati gawo lomaliza la njira ndi la kabaza. Tsiku lotsatira, nkhani zikadali zotentha, mwana awerenge mokweza zimene analemba, ndipo agogo akonze pamene walakwitsa dzina kapena wasokoneza mibadwo. Pamwamba pa tsamba alembe deti, malo ndi mayina a onse amene anapita, ndipo pansi pake alembe mafunso amene sanayankhidwe, chifukwa amenewo ndiwo adzasankhe kopita chaka chamawa. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zikatsukitsidwe ku studio n'kumatidwa m'kopemo, poti foni imatayika kapena kuwonongeka. Kopelo likulungidwe m'pulasitiki kuopa chiswe ndi kudontha kwa denga, ndipo lisungidwe m'bokosi momwe mumakhala makadi a ubatizo ndi mabuku a kuchipatala.